Dzanja la Alamu Anga Pawindo

Ntchito imeneyi inandipeza ndikukalipira mbuzi. A Chikopa, alangizi a zaumoyo kwathu kuno ku Nsanama, ankadutsa panjinga ndipo anamva mawu anga ali kutsidya kwa msewu. Anatsika n'kunena kuti pakamwa ngati pamenepa ndi pamene akufuna, pondandalitsa ana pamzere. Ndinawauza kuti ine kusukulu ndinangolowako pothawa mvula. Akuti zilibe kanthu.

Chaka chilichonse, kutatsala sabata kuti sukulu itsegulidwe, tinkayeza ana. A Chikopa ankawakweza pasikelo, kuwaunika m'makutu ndi katochi, kuona zipere, kufunsa ngati akukodza magazi, n'kulemba m'buku lakuchipatala. Ine anandipatsa maso. Zida zanga zinali chingwe cha mamita sikisi, ndodo yansungwi, chipande chotsekera diso limodzi, ndi pepala lokhoma pakhoma. Papepalapo pali chinthu chonga chipeso cha mano atatu, pamwamba chachikulu, kumatsika chikuchepa mpaka ngati nyerere. Mwana amaima pothera chingwe, ine n'kuloza, iye n'kusonyeza ndi zala kumene manowo ayang'ana. Sizifuna kuwerenga.

A Chikopa anandiuza kamodzi kokha: "Abiti Ndala, mukapeza mwana wolephera, musamve chisoni. Ameneyo ndiye tadzera."

Koma m'mudzi, tifotokoze chotani, anthu ankati amenewa ndi mayeso olowera sukulu.

Chaka changa chachiwiri kunabwera Asiyatu, mwana wa alamu anga, achemwali awo a amuna anga. Anali atabwereza Sitandade 3 kawiri. Bambo ake anali atalumbira kuti akangolepheranso kalikonse, sukulu yatha, azikagulitsa tomato pamsika.

Ndaloza chachikulu, wakhoza. Ndatsika, wakhoza. Mpaka kunyerere kuja, wakhoza! Ine mumtima: mwana amene amapita kusukulu buku litamumatirira pamphunoyu? Ndinayang'anitsitsa. Diso lake silinali papepala, linkathawira pawindo limene anaima nalo pafupi. Pawindopo panali dzanja, la chibangiri chimene ndinagula ndekha, zala zitatu zikutembenuka, uku, uku, m'mwamba.

Ndinamasula chitenje chapamwamba n'kutseka windo lonse.

Alamu analowa pakhomo ngati mphepo. "Alamu, mukufuna kundiphera mwana? Magazi a amuna anu omwe amenewa!"

"Iyayi alamu. Dzanja lanulo muzilowa nalo m'kalasi tsiku lililonse?"

Azimayi panja anayamba kung'ung'udza kuti Abiti Ndala ntchito yawalowa m'mutu. Koma ndodo sindinaisiye. Ndinalozanso. Asiyatu anakhoza chachikulu chokha, mzere wachiwiri n'kuyamba kulira. Anaulula kuti zolemba pabolodi sanazionepo bwino, amangokopera kwa mnzake, mnzakeyo akajomba iyenso tsiku latha.

A Chikopa analemba kalata yopita kuchipatala chachikulu. Bambo ake atamva kuti walephera, anati basi, nkhani yatha. Ndinakakhala pakhonde pawo kuyambira m'mawa, kuwalankhula ndi mawu omwe aja a mbuzi, kuti mwana si mbuli, ndi maso. Ndinati sindichoka. Dzuwa litafika pamutu anatuluka n'kuti ndimutenge mwanayo ndipite naye, mwina m'makutu mwawo mungapume.

Tinakwera minibasi mpaka ku Liwonde. Tsiku limene anamuveka magalasi, Asiyatu anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kumadikira zikomo. Akuti, "Azakhali, kani muli ndi ndevu ziwiri?"

Alamu anakhala milungu itatu osandiyankha moni, ngakhale pamaliro. Anayamba kuyankha mwana atabwera ndi kope lochongedwa bwino.

Tomato sanagulitse. Pano ali Fomu 3 ku Balaka, ndipo amene akulemba zimene ndikunenazi ndi iyeyo, ndevuzo ndamuuza asachotse.

Chimene ndinatolapo n'chakuti mwana ukamubisira vuto poyezedwa, akalipeza yekha m'kalasi, iwe kulibe. Mpaka lero ndisanatambasule chingwe ndimayamba ndatseka windo. Ndipo amene amalondera panja ndi alamu anga omwewo. Palibe dzanja limawadutsa, njira zonse amazidziwa.