Amayi Atalola Kumezanitsidwa

Chaka chimene amayi anga anabadwa palibe amene anachilemba. Tikawafunsa ankangoti, "Msewu wa tala wopita ku Tete unandipeza ndili ndi ana kale." Anatilera okha kumudzi kwathu, kufupi ndi Thambani, bambo atamwalira, ndipo chimene chinatiphunzitsa sukulu ndi manachesi.

Luso lawo linali lomezanitsa mitengo. Ankafesa njere za mandimu, mbande zikanenepa ngati pensulo n'kutenga lezala, n'kudula kamphukira pa nthambi ya nachesi wokoma. Kamphukira kameneka ankakatcha diso. Ankakalowetsa pansi pa khungwa la ndimu, n'kukulunga ndi kapulasitiki, basi mtengo uja mizu ya ndimu koma zipatso za nachesi. Ife ana ankatithamangitsa pa nazale, ati manja athu ndi olemera.

Ng'ala inawagwira atakalamba ndithu, ali ndi zidzukulu zosatha kuwerenga. Inayamba ngati nkhungu, kenaka maso onse awiri anachita mbuu. Munthu amene sankadziwa kukhala pansi anayamba kuswera pakhonde, kudikira womugwira dzanja popita kuchimbudzi. Nyimbo anasiya, kutchalitchi anasiya, chakudya ankangochilawa. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti analeka kutikalipira. Ndinaona kuti mdima uwapha msanga kuposa ukalamba.

Tsono tinamva kuti ku chipatala cha pa boma kukubwera madokotala a maso. Ndinathamangira kukawauza amayi, koma amayi anzawo a pamudzi anali atandiyambirira. Anawauza kuti kumeneko amakolowola diso la munthu n'kuikamo la mbuzi.

"Iwe, ukufuna ndiziti ndikaona chinangwa cha eni ake malovu ali chuchuchu?" anatero amayi. "Ndisiye ndife ndi maso anga."

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo ndinautengera kwa iwo omwewo. Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinalira, osaphula kanthu. Pamapeto pake ndinatuma mwana wanga wamwamuna, mdzukulu wawo wapamtima amene ankamutcha "amuna anga". Iye anangoti, "Agogo, tiyeni mukangomva zimene akunena. Mukakana tibwerera." Analola, ati mwamuna sakanidwa ulendo. Tinawakweza pa pikapu, kutsogolo, atamanga duku lawo la pa Sabata.

Kuchipatala dokotala wina wachitsikana anakhala nawo pansi n'kuwafotokozera mofatsa. Anati diso salichotsa ayi. Amangoboola pang'ono, n'kutulutsa kanthu kamene kachita mbuu, n'kulowetsamo kagalasi kakang'ono koyera, kenaka n'kumata ndi bandeji.

Ine ndinali nditagwira kale chikwama, ndikudziwa kuti tikubwerera.

"Mwati mumang'amba pang'ono?" anafunsa amayi.

"Eya agogo."

"N'kulowetsa chatsopano, mizu ikhale yomweyo?"

Dokotala uja anandiyang'ana ine, mizu osaimvetsa, koma anavomera.

"N'kumanga kuti chigwire?"

"Eya."

"Aaa! Nanga osangonena bwanji kuti mukufuna kundimezanitsa? Imeneyo ndiye ntchito yanga, mwana wanga. Anthu awa amangondiuza za mbuzi." Kenaka anafufuza dzanja la dokotala uja, n'kulisisita chala ndi chala. "Manja ndi opepuka awa. Koma lezala ikhale yatsopano, ndipo musamange mothina, diso limawola."

Manesi anaseka mpaka wina kutsamira khoma. Ine ndinatuluka panja kukalira, chifukwa miyezi yonse ija ndinali kulimbana ndi amayi anga pamene chinkasowa chinali mawu amodzi okha, mawu amene ndinakula ndikuwamva tsiku ndi tsiku.

Tsiku lomwelo anawapanga diso limodzi, ndipo m'mawa mwake anawamasula bandeji. Anaphethira, n'kuyang'ana zenera, n'kuyang'ana denga, kenaka n'kundiyang'anitsitsa ine. Ndinkayembekezera kuti ayamba nyimbo yotamanda.

"Iwe," anatero, "imvi zonsezi wazitenga kuti? Ndipo chitenje wavalachi si changa chija ndinkati chinasowa?"

Chinali chawo ndithu. Sindinakondwerepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo.

Diso linalo anakalipangitsa okha, osakakamizidwa, ndipo anatengako amayi awiri mwa aja ankanena za mbuzi. Atabwerera kumudzi anayendera mtengo uliwonse n'kutipeza ndi milandu: apa simunadulire, apa mwalekerera mphukira za ndimu. Zidzukulu zimene ankangozidziwa mawu anaziika pamzere kuti aone aliyense wafanana ndi ndani. Anabwerera kukwaya, anavina pa ukwati wa "amuna awo" aja akunena kuti mkazi mnzawo wamng'ono amulandira, ndipo ananyamula ana a ukwati umenewo. Zaka zimene mdima unkafuna kuwalanda anazidya zonse, akuona.

Masiku awo omaliza miyendo inali itakana, ndipo ine ndinkawasamalira. Tsiku lina masana ndinakhala pambali pa mphasa yawo ndikufuna kusoka diresi la kamdzukulu kanga. Ulusi unakana kulowa pa singano. Ndinaunyowetsa, ndinaupotokola, ndinapita pakhomo powala, koma ayi. Maso anga nawonso anali atayamba kutopa.

"Bwera nayo kuno," anatero amayi, mawu ali apansipansi.

Anaikweza singano ija, n'kutsinzina pang'ono, ulusi n'kulowa kamodzi kokha. Anandipatsa akumwetulira monyada.

Anatisiya m'mawa mwake, dzuwa litatuluka, onse titawazungulira. Anatiyang'ana mmodzimmodzi mpaka womaliza. Maso awo ndinawatseka ndine, ndipo ndinawatseka ali owala.