Nkhuku zowonda za alamu

Nthawi imene malasha a ku Moatize anadzaza Tete ndi anthu anjala, ine ndinkagula nkhuku m'makomo n'kumakagulitsa m'makantina. Khola ndinalibe. Chuma changa chinali njinga yamoto ndi pakamwa. Nkhuku ndinkaigwira miyendo, n'kuipapasa pachidali, n'kupukusa mutu ngati ndamva za maliro. Ntchito yathu imayamba choncho: katundu amene wamufunitsitsa ndi amene umamunyoza kwambiri. Mwini wake amadziwa, amakutukwana pang'ono, mumaseka, mtengo umapezeka.

Makantina ankafuna nkhuku yodzaza mbale, ndipo sankadikira. Choncho oweta ambiri amene ndinkawagula ankathira ufa wachikasu uja m'madzi a nkhuku, antibiyotiku wa m'timapaketi, tsiku ndi tsiku, yodwala ndi yosadwala yomwe, mpaka m'mawa woigulitsa. Ankati umanenepetsa. Ine ndinkangomva kulemera m'dzanja, osafunsa zambiri.

Amene ankakana ufawo anali alamu anga, akazi a achimwene. Anatsika kuchokera ku Tsangano amuna awo atapeza ntchito yoyendetsa kamiyawu, galimoto yaikulu ya katundu, n'kumanga khola kuseri kwa nyumba ku Matema. M'madzi a nkhuku ankasinjiramo adyo n'kudonthezera vinagiri. Mu rasawu, chakudya chogula chija, ankasakanizamo masamba a chamwamba owumitsa ndi madeya ovundika. Utuchi ankasintha kawirikawiri, ndipo dzuwa la Tete likakwiya ankanyowetsa masaka n'kupachika m'mbali mwa khola. Nkhuku zawo zinkachedwa kukula, koma m'kholamo simunkanunkha chipatala.

Nkhuku za alamuzi ndi zimene ndinkapita nazo kwathu ku Canongola. Mkazi wanga anamva kwa anamwino kuti mankhwala otere akamaperekedwa chisawawa, ngakhale kwa nkhuku, tizilombo timawazolowera, tsiku lodwala mwana n'kupezeka sakugwira ntchito. Kuyambira pamenepo zonenepa zinali za makantina, za alamu zinali za ana anga. Alamu sindinawauze. Wogula akayamikira katundu wadzikwezera yekha mtengo, ndipo pakamwa panga sipadziwa chibale.

"Alamu, iyi ndi nkhuku kapena njiwa?" ndinkawafunsa, nditaikweza m'mwamba.

"Kadyeni kaye mumve, alamu."

"Ndikadye chiyani, nthenga? Kwa anzanu uko nkhuku imathyola mkono. Izi ndikungotenga poti ndinu apabanja."

Ndinkadikira kuti andibwezere. Mayi wa mumsika akanati, "Kagule kwa amako," tonse n'kuseka. Alamu ankangoti, "Chabwino," n'kumanga nkhukuyo miyendo. Kwawo mbatata ankagulitsa, kunenerera ankakudziwa, koma kwa alendo. Zoti wachibale angalowe ndi pakamwa pa mumsika mpaka kuseri kwa nyumba sanaziganizirepo. Kwa iwo, amene ankalankhulayo anali mng'ono wa amuna awo, munthu wodziwa tauni. Ine ndinkakwera njinga ndikudzitama kuti ndine katswiri.

Mvula itayamba njinga inawonongeka, ndipo ndinakhala nthawi osawoloka mlatho wopita kwa alamu. Tsiku lomwe ndinabwerera ku Matema, alamu anandilandira akumwetulira kuyambira pampanda.

"Bwerani muone njiwa zanu."

M'khola munali zinkhuku zazikulu, zitagona chigonere, zikupuma ndi kukamwa. Pakona panali timapaketi tachikasu totsegula. Kamtondo ka adyo kanali katavundikiridwa pansi, pamwamba pake atayikapo sopo.

"Mawu anu ndinawamva," anatero. "Ndinkachita manyazi kuti mukugula chifukwa cha chisoni. Tsopano za kukantina mungatenge pompano."

Ndinakhala pa chidebe. Kwa nthawi yoyamba pa ntchito yanga ndinanena zoona pamaso pa katundu. Ndinawauza kuti zowonda zija sizinafikepo ku kantina, kuti ankadya ndi ana anga, kuti m'tauni monse ndinkadalira khola lawo lokha. Ndinawapempha kuti ataye ufawo abwerere ku adyo ndi chamwamba.

Anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Zowonda munkanyoza. Zanenepa, mwayamba kutamanda zowonda. Ndakudziwani tsopano, alamu. Anzanga andiphunzitsa. Mtengo sinditsitsa."

"Sindikunenerera, alamu. Ndikulumbira."

"Mumalumbira chomwecho ndi mumsika."

Sanalakwe. Ndinafunafuna mawu ena amene ndinali ndisanawagwiritsepo ntchito pogula nkhuku, sindinawapeze.

Potsanzikana anasankha yaikulu kuposa zonse, n'kuimanga okha pa njinga. "Iyi si yogulitsa. Ndi ya ana. Kwa nthawi yaitali akhala akutafuna mafupa."

Ndinathokoza ndi manja awiri. Nditawoloka mlatho ndinakhotera ku kantina ina n'kuisiya kumeneko, ndipo mwini wake atainyoza ndinangolandira mtengo umene ananena. Kunyumba mkazi wanga anayang'ana njinga yopanda kanthu n'kufunsa za alamu. Ndinati ali bwino, koma nkhuku zija zinatha.