Kachitseko ka Kapitawo

Ndikangomva fungo la utuchi wa paini, ndimawaona agogo anga aamuna atagwada pakhonde, pensulo atayitsomeka kukhutu, chitseko cha nyumba yathu atachigoneka pamiyala ngati mbuzi yoti isendedwe. M'mawa umenewo chiperoni chinali chitakuta minda yonse ya tiyi, mwakuti anthu othyola masamba sitinkawaona, tinkangomva mawu awo akuitanizana m'mizere, ndipo kamphepo kochokera kufakitale kankafika ndi fungo la tiyi akuuma losakanikirana ndi utsi wa nkhuni za bulugamu. Ine ndinali nditakhala pamtondo, nditakumbatira mphaka wanga.

Ndinakulira kwa agogo, cha ku Khwethemule, chifukwa amayi anga, a Feliya, ankagwira ntchito ku Limbe. Aamunawo tinkangoti agogo, aakaziwo tinkati anganga. Onse awiri anakalambira pa esiteti. Anganga ankathyola tiyi, pamene agogo anayamba ndi kudulira, kenaka anawasamutsira kokonza zitseko, mawindo ndi mabokosi. Atapuma ntchito anamanga kanyumba kawo ka njerwa zowotcha m'mphepete mwa esitetiyo. Panyumba yonseyo, chomwe anganga ankanyadira kwambiri chinali chitseko. Anachipangitsa okha kwa kalipentala wa ku Goliati, anachipaka okha penti wa buluu, ndipo Loweruka lililonse ankachipukuta ndi kansalu konyowa ngati akusambitsa khanda.

Mphaka anabwera naye ndi agogo, m'thumba la jekete, kuchokera kwa mnzawo wina yemwe ankalondera kufakitale. Anandipatsa ine, koma dzina anapereka ndi iwo.

"Ameneyu ndi Kapitawo," anatero. "Taona, ntchito yake ndi kukhala pamwamba n'kumayang'ana anzake akutuluka thukuta."

Kapitawo makoswe ankagwira, zimenezo palibe ankatsutsa. Vuto linali khomo. Tikamutsekera kunja, ankalira n'kumakanda chitseko mpaka penti kusupuka, uku makoswe akuchita phwando pamatumba a chimanga. Tikamutsekera m'nyumba, ankasowa kopita akafuna kudzithandiza. Tsiku lina m'mawa anganga anapeza kuti waipitsira m'lichero la ufa woyera umene anali atangobwera nawo kuchigayo dzulo lake. Sanakalipe. Anataya ufawo kudzala, anasamba m'manja, kenaka anandiitana.

"Esinati, tapeza thumba. Chinyama chakochi chikatayidwe kutali, kutsidya kwa mtsinje."

Ndinalira mpaka mamina. Agogo, omwe ankamwa tiyi pakhonde, anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Amake Feliya, ndipatseni mpaka Lamulungu. Likapanda kutha vutoli, thumbalo ndikanyamula ndekha."

"Mpaka Lamulungu," anganga anavomera, osawafunsa n'komwe kuti akuganiza zotani. Kumeneko ndi kumene analakwitsa.

Agogo anandiuza madzulo ake, tikutola nkhuni. Kale, ali pantchito, anawatuma kukakonza windo kunyumba ya manijala wina. Ali kukhitchini kumeneko anangomva kuti phwa! Poyang'ana, anaona mphaka akulowa pakachitseko kakang'ono kamene kanali m'munsi mwa chitseko chachikulu, kolendewera, kotseguka mbali zonse ziwiri. Akuti anaiwala windo lija, anagwada n'kumakakankha ndi chala mpaka wophika wa pamenepo anawaseka. Zaka zonsezo kanthuko kanali m'mutu mwawo, kakudikira mphaka.

"Nanga anganga avomera?" ndinafunsa.

"Anganga ako mawa akupita ku Bvumbwe kukagulitsa nthochi," anayankha akuyang'ana kumbali.

Ndi momwe chitseko chinapezekera pamiyala m'mawa uja wa chiperoni. Choyamba tinamuyeza mwiniwake wa khomolo, Kapitawo. Ine ndinamugwira, agogo anatenga kachingwe n'kuyeza kuchokera kunsonga ya ndevu za mbali ino kukafika za mbali inayo. "Mphaka amayeza khomo ndi ndevu," anatero. "Pomwe ndevu zadutsa, mimba imadutsanso." Kapitawo sanasangalale nako kuyezedwako, anandikanda padzanja n'kuthawira padenga la khitchini.

Agogo anajambula mizere inayi ndi pensulo, anabowola m'ngodya, n'kutenga kasowo kawo kopyapyala. Asanayambe kucheka anaima kaye, anayang'ana kunjira, anayang'ana ine.

"Esinati, akandithamangitsa, uzindibweretsera chakudya m'tiyimo."

Sowo inayamba kulira, utuchi woyera ukugwera pansi, penti wa buluu akuthetheka m'mbali. Kachidutswa katagwa, ndinasuzumira pabowopo ndipo ndinaona miyala ndi nyerere pansi pake, ndipo pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti zimene tachitazi sizingabwezedwenso. Kachitsekoko anakadula kuthabwa la bokosi lakale la tiyi, lomwe linali lidakali ndi zilembo zakuda. M'malo mwa zitsulo zolumikizira anagwiritsa ntchito timalamba tiwiri ta labala todula kutayala, n'kutikhomera kumtunda ndi timisomali. M'mbali anapakamo kandulo kuti kasamagwire. Titachibwezeretsa chitseko pamalo pake, anakakankha ndi chala. Kanapita, kanabwera, phwa, phwa, kenaka zii. Nkhope yawo inawala ngati ya mwana.

Anganga anafika dzuwa litapendeka, dengu lili pamutu. Anaima pakati pa bwalo. Anatula dengu, anayandikira, anawerama, anayang'ana kwa nthawi yaitali.

"Abambo ake Feliya, ichi n'chiyani?"

"Ndi khomo la mphaka, amake Feliya. Kwa manijala kuja..."

"Ine ndine manijala?" Mawu awo anali otsika, ndipo zikanakhala bwino akanakuwa. "Moyo wanga wonse ndakhala m'nyumba za kampani. Chitseko chinali cha kampani, nambala yake ya kampani, ngakhale msomali wokolekapo chitenje unkayenera kupempha. Ndapeza changa chimodzi, inu mwachibowolera mphaka."

Analowa kukhitchini. Kuyambira tsiku limenelo mawu onse ankadutsira kwa ine. "Uwauze agogo ako madzi atentha." "Uwauze anganga ako ndathokoza." Onse awiri atakhala pakhonde limodzi, mtunda wa mkono umodzi.

Ndiye panabwera china chimene ngakhale agogo sanachiganizire. Mayi Chikopa, oyandikana nawo nyumba, anaona bowolo pobwera kudzapala moto, ndipo pofika mawa lake nkhani inali itafika pamjigo. Khomo laling'ono m'munsi mwa chitseko, loti chinthu chizilowa n'kutuluka anthu ali m'tulo? Mphaka wake wakuda chonchija? Anzanga omwe ndinkasewera nawo fulaye anayamba kundithawa. Wina anandiuza maso ndi maso kuti kwathu kuli khomo la afiti. Anganga, omwe anali a Mvano ndipo sankajomba kutchalitchi, anabwera kumjigo ndi ndowa yosadzaza, maso ali ofiira. Ndinawauza agogo zonse. Anakanda mutu kwa kanthawi.

"Mphekesera imaopa dzuwa," anatero pomaliza. "Pita ukawauze onse abwere Loweruka masana, adzaone ndi maso awo."

Anthu anabweradi, ena ndi makasu paphewa, ena mabasiketi a tiyi adakali kumsana. Mayi Chikopa anaima patsogolo, manja atapinda pachifuwa. Agogo anavala jekete lawo la kutchalitchi, anafotokoza za ndevu ndi za timalamba ngati mphunzitsi, kenaka anandiuza kuti ndimuike Kapitawo pafupi ndi kachitseko. Ndinamuika. Kapitawo anakanunkhiza, anatembenuka, anakhala pansi n'kuyamba kunyambita mwendo.

"Pusi, pusi, tiye," agogo ananyengerera. Mphaka sanawayang'ane n'komwe.

Agogo anagwada, mawondo akulira kuti ngwe ngwe. "Taona, chonchi," anatero, akukankha kachitseko ndi mphumi mpaka chipewa chinagwa. Ana anayamba kuseka chamumtima. Agogo analowa m'nyumba, anatseka chitseko, ndipo tinangoona dzanja lawo likutulukira pabowo paja, zala zikukodola, mawu akumveka m'katimo kuti, "Miyawu! Miyawu!" Kapitawo anayasamula, ananyamuka, n'kukakwera pamtondo.

Dzanja litangobwerera m'kati, thadzi lina lofiira lomwe linkatolatola pabwalo linayandikira. Linapendeketsa mutu, linajompha kachitseko, linaona kuti kakusuntha, ndipo linalowa bwinobwino ngati kwawo, kulondola fungo la chimanga. M'nyumba munamveka chipwirikiti. Chitseko chinatseguka, agogo anatuluka atalikwapatira thadzilo m'khwapa, nthenga ili pamutu. Aliyense ankalidziwa thadzi limenelo: linali la mayi Chikopa.

"Mayi Chikopa," anatero mwaulemu, "ndamva kuti khomo ili ndi la afiti. Nanga woyamba kulowayu ndi wa kwa yani?"

Bwalo lonse linaphulika. Amuna anagwira m'mimba, amayi ankawombana m'manja, ndipo mayi Chikopa nawo anaseka mpaka kubisa nkhope m'chitenje, akuti, "Agogo inu, mundipha!" Nditatembenuka ndinaona anganga atatsamira khoma la khitchini, dzanja lili pakamwa, mapewa akugwedezeka. Nkhani ya ufiti inathera pomwepo. Palibe amene angaope chinthu chimene wachiseka mpaka kutuluka misozi.

Koma ine sindinaseke kwambiri. Mawa lake linali Lamulungu, ndipo Kapitawo anali asanadutse pakhomo lake ngakhale kamodzi. Thumba linali litapindidwa kale pawindo.

Ndinadzuka kukuyera, ndi maganizo oti ndikamunyamule komaliza. Nditatuluka kuchipinda ndinamupeza atakhala pafupi ndi chitseko, makutu ali njo. Kachitseko kanali katatukulidwa pang'ono kuchokera kunja, ndipo pansi pake panali zala ziwiri zamakwinya zitagwira kausipa. Kunjako wina ankalankhula motsitsa, m'Chilomwe, chinenero chimene anganga ankachigwiritsa ntchito akamapemphera okha kapena akamatonthoza khanda. Kapitawo anatambasula khosi. Kausipa kanabwerera m'mbuyo pang'ono. Iye analowetsa mutu, thabwa linamukhudza pamsana, anazengereza, kenaka anadutsa. Phwa.

Ndinatsegula chitseko. Anganga anali atagwada pakhonde lozizira, mbale ya usipa ili pambali. Anandiyang'ana mosachita manyazi.

"Chitseko chabowoledwa kale," anatero. "Chisabowokere pachabe. Lowa m'kati, umuitane ndiwe tsopano."

Tinamudutsitsa uku ndi uku mpaka usipa unatha ndipo dzuwa linayamba kuwala pamasamba a tiyi. Pomaliza ankadutsa yekha, mchira uli m'mwamba. Anganga anadzuka, anasasa fumbi pachitenje, n'kundiloza ndi chala.

"Usakawauze agogo ako. Angayambe kudzimva."

Agogo anadzuka mochedwa tsiku limenelo. Ali pakhonde ndi kapu yawo ya tiyi, Kapitawo anatulukira pakachitseko n'kudutsa pamapazi awo. Agogo analumpha mpaka tiyi kutayika.

"Amake Feliya! Bwerani mudzaone! Phunziro langa ladzulo lalowa!"

"Lalowadi," anganga anayankha kuchokera kukhitchini, ndipo aka kanali koyamba kuwayankha mwachindunji chiyambire mkangano uja. "Fulumirani, tichedwa kutchalitchi."

Kwa zaka zambiri mlendo aliyense wofika pakhomo pathu ankauzidwa momwe agogo anaphunzitsira mphaka pogwada ndi kulira miyawu. Nkhaniyo inkakula chaka ndi chaka. Anganga ankangosenda nyemba zawo, nthawi zina n'kundiponyera diso.

Anganga anatisiya ine nditayamba kale ntchito ya unamwino. Patapita miyezi ingapo ndinapita kukawaona agogo, ndipo titakhala pakhonde ndinaona kuti chinsinsi chija chilibenso mwini woti andikalipire. Ndinawafotokozera zonse, za usipa, za Chilomwe, za chala chondiloza. Anamvetsera akumwetulira, maso ali kuminda.

"Esinati, iwe ukuganiza kuti munthu amene wadzukira lipenga la esiteti moyo wake wonse angagone mpaka dzuwa kutuluka? Ndinawamva akutsegula chitini cha usipa. Ndinafunda bulangete kumutu."

"Ndiye bwanji simunanene zaka zonsezi?"

"Munthu akamakukhululukira mobisa, usamugwire," anatero. "Umangothokoza mumtima, n'kupitiriza kudzitama."

Lero ndili pabanja, ndipo bambo a kunyumba kwanga ndi munthu wouma mutu ngati ine ndemwe. Timakangana, nthawi zina mpaka kugona osalankhulana. Koma pamakhala m'mawa wina pamene ndimamva munthu akuyenda monyang'ama pabalaza, akusita yunifolomu yanga mosamala kuti ndisadzuke. Ndimakhala ndili maso. Ndimakoka bulangete, ndimatembenukira kukhoma, n'kudikira kuti amalize.