Galu amene matenanti anasiya m'chigafa

Chaka chimene ukwati wanga unatha, ndinabwerera kwathu kufupi ndi Nsaru, mwana kumsana, zovala m'thumba la feteleza. Mayi anandipatsa kanyumba kamene ankasungiramo mtedza. Sindinkafuna mafunso a anthu a m'mudzi, choncho madzi ndinkakatunga ku mjigo wa ku esiteti ya fodya, kumene sankandidziwa.

Kumeneko ndiko ndinamuona galuyo. Fodya anali atagulitsidwa, matenanti ena atakwera lole kubwerera kwawo ku Mulanje, ndipo banja lina linamusiya m'chigafa. Anali wamkazi, wofiirira, nthiti zili pamtunda, makutu odzaza nkhupakupa. Ndikakweza manja kuti ndisenze ndowa, ankadziponya pansi n'kutsinzina, kudikira kumenyedwa. Ndinazizindikira msanga zimenezo, pakuti thupi langanso linali lisanaiwale. Ndinayamba kumusiyira mkute pamwala. Pang'onopang'ono anayamba kunditsatira chapatali, mpaka tsiku lina tinamupeza atagona kuseri kwa nkhokwe yathu.

Malume, amene ankayang'anira mbumba yathu, sanakondwe nazo.

"Ameneyu atithera nkhuku," anatero. "Ngati ukumufuna, umuswe ndi ndodo adakali mlendo. Galu wosamenyedwa samva."

Nyengo yotentha itafika, kunalengezedwa kuti agalu onse apite ku dibi kukabayidwa katemera wa chiwewe. Wanga uja ndinam'manga luzi m'khosi. Titayandikira, n'kumva kulira kwa anzake, anagona m'fumbi, anadula luzilo ndi mano n'kulowa m'tchire. Anthu amene ankaguza agalu awo pa mawaya anandiseka.

Alangizi a ziweto, bambo achikulire oyenda pa njinga yamoto yakutha, anaona zonsezo. Atamaliza kubaya anandiitana.

"Mayi, kodi galu uja ndi wanu?"

"Ndinangomutola, bambo."

"Musamuthamangitse, abwera yekha. Kunyumba muli ndi bonya?"

Ndinati alipo pang'ono, wa ndiwo.

"Muzimanga wochepa pansonga ya chitenje. Mukamuitana iye n'kusendera kwa inu, m'patseni kamodzi nthawi yomweyo. Akalakwa, ingotembenukani muyang'ane kwina, osakalipa. Galu amabwerera kumene anapeza zabwino. Ine ndidzadutsa kwanuko ndikamachokera ku Kabudula."

Ndinakayika, koma ndodo sindinkaifuna m'dzanja langa. Poyamba ndinkachita kum'ponyera bonyayo patali. Kenaka anayamba kudya pafupi ndi mapazi anga, kenaka m'manja. Ndinazindikira kuti ndikakweza kansomba pamwamba pa mphuno yake, ankakhala pansi yekha pofuna kukayang'ana bwino. Ndinkati "khala" n'kum'patsa. Ndinaphunziranso kuti ukachedwa pang'ono, umayamikira chinthu cholakwika. Panali nthawi imene ndinam'phunzitsa kundilumphira mosadziwa, chifukwa ndinkam'patsa atadzuka kale. Mayi atadandaula za ndiwo, ndinayamba kupempha mitu ya usipa kwa ogulitsa nsomba pa msika wa Nsaru.

Zimene malume ananena zinachitikadi. Masana ena galuyo anagwira mwanapiye wa mayi n'kumupha. Malume anatuluka ndi mpini wa khasu. Sindikudziwa kuti mphamvu ndinazitenga kuti, koma ndinagwada pakati pa iwo ndi galu.

"Malume, ndikupempha, ndipatseni kanthawi. Akagwiranso nkhuku, ndikamutula ndekha kumene ndinamutenga."

Malume anayedzeka mpiniwo kukhoma. Aka kanali koyamba kuti ndiyankhe munthu wamwamuna atakwiya.

Kuyambira pamenepo, ndikamawaza madeya a nkhuku ndinkamukhazika pafupi nane. Akayang'ana nkhuku n'kubweza maso kwa ine, ankalandira mutu wa usipa. Akadzuka, ndinkachokapo ndi usipa wanga. Zinatenga nthawi, ndipo masiku ena ndinkaona ngati tabwerera poyambira. Koma mvula isanagwe, anapiye ankajompha nthata pamsana pake iye ali chigonere. Malume ankati galuyo wangokhuta, si kuti wamva. Maganizo amenewo anamwalira nawo.

Alangizi aja anadutsadi. Galu anakhala pakhonde akunyambita zala zanga, jekeseni inalowa iye osatembenuka n'komwe. Akutsuka m'manja, alangiziwo anandiuza kuti kukufunika anthu a m'midzi oti aphunzire kupereka katemera wa chitopa, matenda amene ankasesa nkhuku zathu chaka ndi chaka.

"Ine sukulu ndinalekeza Folomu 2," ndinatero.

"Kuwerenga mumatha, eti? Chovuta kuphunzitsa munthu ndi kudekha. Kumeneko muli nako kale."

Mayi anavomera kutsala ndi mwana, ine ndinapita. Ndinayamba ndi kudontheza mankhwala m'maso mwa nkhuku, kenaka ndinaphunzira za njoka za m'mimba mwa mbuzi, zilonda za abulu, ndi kubereketsa ng'ombe. Lero anthu amanditcha adokotala a ziweto. Ndimawauza kuti si ine dokotala, koma samva. Galu uja anakhala nane mpaka mwana wanga analowa sekondale, ndipo anafa ndi ukalamba, mano atatha.

Anthu amandiitaniranso agalu awo ovuta, koma si onse amene ndinawatha. Alipo agalu amene anamenyedwa mopyola, oti ngakhale uwapatse nyama amakuluma ndithu. Aliponso eni ake amene amandimvera bwino ndili pomwepo, ndikangokwera njinga n'kutolanso ndodo. Kale zinkandipweteka. Tsopano ndimakumbukira kuti ambiri a ife tinaleredwa ndi mkwapulo, ndipo munthu sataya msanga njira imene anakuliramo.

Chaka chathachi, bambo wina wa ku Nambuma anandifunsa ngati nzeru ya agaluyi ingagwire pa ng'ombe yake, imene inkakana goli. Ndinamuuza zoona, kuti sindinayesepo. Tinayesa limodzi, ndi madeya osakaniza mchere. Tinkaika goli pansi pafupi ndi chodyera, kenaka kuligunditsa pakhosi, kenaka kulisiya pomwepo pang'ono. Ng'ombeyo inatiswera chodyera, ndipo mwini wake anatsala pang'ono kugwa mphwayi. Nthawi yokolola ndinakumana nawo pamsewu, ngolo yodzaza chimanga. Ng'ombe inkayendabe mokhota, kukokera inzake kumanzere, koma inkayenda.