Nsapato Zimene Zimatha Zili Pashelefu

Apongozi anga aamuna ndi osoka nsapato. Ntchitoyi anayamba ine ndisanabadwe, m'kachipinda komweko kuseri kwa msika, pakati pa wometa ndi mayi wogulitsa ziwiya zakale. Ndi munthu wofatsa, wosamwa, wolankhula misomali ili pakamwa. Tsiku limene mwana wawo anapita nane kukandionetsa, anandiuza kuti ndimaponda ndi zala ngati nkhuku yoyenda pamalata otentha. Tinaseka tonse, ine manyazi n'kundithera pomwepo.

Mwana wawoyo, mwamuna wanga, anali msilikali. Anawatumiza kunkhondo ya dziko lina lakutali, nkhondo ya eni, ine ndili ndi pakati pa mwana wathu wamkazi, amene agogo akewo anamutcha Phwiti chifukwa cha kuchepa thupi. Ali komweko, kuno kunachitika chisankho cha pulezidenti. Amphamvu anali awiri. Wina, amene anthu ankangomuti Wachipewa, ankalonjeza kuti akangolowa m'boma asilikali athu onse abwerako mvula isanagwe. Winayo, Wamagalasi, ankati anyamata amalize kaye ntchito, koma analonjezanso kufolera ndi malata tizipinda takumsika. Chipinda cha apongozi chinkadontha, zikopa zinkachita nkhungu. Anavotera Wamagalasi. Anandiuza okha, kuti za asilikalizo n'zongokopera anthu, koma malata mwina angabweredi.

Wamagalasi anapambana, ndipo anangoposa mnzakeyo pang'ono. Malata anabweradi. Kenako, mvula itagwa kale, pakhomo panga panafika asilikali awiri, zipewa zili m'manja. Bokosi la mwamuna wanga sanatilole kutsegula.

Ine ndinapeza ntchito yochapa ndi kusita pahotela ina, ndiye Phwiti atayamba kuyenda ndinkamusiya kwa agogo ake masana. Pabenchi ya wometa sipatha zandale. Ndikabwera kudzatenga mwana ndinkawapeza akulimbana nkhani yomweyo. Wometa ankati ngakhale akanapambana Wachipewa palibe chikanasintha, chifukwa nkhondo ija oyendetsa ake ndi mayiko akuluakulu, ife tinali ongonyamula mfuti. Wina woyendetsa lole ankati ayi, athu akanachoka, mayiko anzathunso akanachotsa awo, eni nkhondowo akanatopa n'kukhala pansi. Wometa ankamuseka kuti iye nzeru zake zimathera pa giya. Apongozi ankangokhoma nsapato, osalowererapo.

Tsiku lina apongozi analavula misomali m'dzanja n'kunena kuti wa loleyo akulondola, nkhondo inathadi choncho. Sananene ngati maganizo, ananena ngati munthu amene wamva pawailesi m'mawa womwewo. Anati kuli kwina kumene anapambana Wachipewa, kumeneko nkhondo inatha kalekale, mwana wawo anabwerako, anasiya usilikali, pano ndi mlonda pafakitale ya sopo. Anthu anaseka pang'ono, kenako anasiya. Wometa anangoyatsa makina ake.

Ndinati ndi chisoni chabe, chidzatha. Koma panali nkhani ya nsapato. Mwamuna wanga popita anasiya nsapato zake zakuda kuti bambo ake aikemo zidendene zatsopano. Iye ankadya chidendene chakumanzere, mbali yakunja, nsapato iliyonse imene wavala. Nsapatozo zinkakhala pashelefu yapamwamba, ndipo amene ankapukuta fumbi pamenepo ndine. Ndinaziona zidendene zili zatsopano. Patapita milungu ndinapeza chakumanzere chadyeka mbali yakunja, m'mizere ya mphira muli matope ofiira ouma. Kwathu kuno dothi ndi lakuda. Apongozi phazi lawo ndi laling'ono, ndipo amayendera patapata chaka chonse. Ndinafunsa wometa ngati alipo amene amazibwereka. Analumbira kuti sanaonepo, n'kundipempha kuti ndisamulowetse m'nkhani imeneyo, iye ali ndi ana.

Nditawafunsa apongozi, anandiyankha akudula mphira kuti kufakitale n'kutali, mnyamatayo amayenda wapansi. Anaikamo chidendene china. Nachonso chinadyeka.

Ndikanatha kupirira zimenezo. Chimene chinandisowetsa mtendere ndi mwana. Phwiti anayamba kundiuza kuti adadi amaimba mluzu akamatsuka mbale. Zinali zoona, koma ine sindinamuuzepo. Ndinati wamva kwa agogo. Kenako anayamba kusiya chakudya pambali, ati n'cha kamlongo kake. Ine ndilibe mwana wina. Nditakwera pampando kuti ndipukute shelefu, pambali pa nsapato zakuda zija ndinapeza tinsapato tachikopa, tokwana m'dzanja langa, takutha kuzala monga zimathera nsapato za mwana wokwawa. Apongozi anangondifunsa mofatsa ngati ndikuganiza kuti mwamuna akanabwerako tikanalekezera pa mwana mmodzi.

Madzulo amenewo Phwiti anakhala pakhomo mpaka dzuwa kulowa, akuyang'ana kumsewu. Ndikamuitana ankatembenuka mochedwa, ngati pali winanso amene akumuitana mbali ina.

Lachisanu lina makina ochapira anawonongeka, tinaweruka msanga. Ndinapeza Phwiti ataima wopanda nsapato pa chidutswa cha katoni, agogo ake atagwada, akuzunguliza pensulo kuphazi lake. Umu ndi mmene amayezera munthu akafuna kumusokera zatsopano. Patebulo pawo panali chikopa chofiira chodula kale.

"Bambo, nsapato ali nazo mwanayu," ndinatero.

"Izi n'zina, amake Phwiti. Bambo ake akufuna kumuona. Njira yake ndi yamiyala."

"Nanga akapita, abwerako?"

Anamaliza kuzunguliza chala chaching'ono asanandiyankhe.

"Kumeneko sakasowa kanthu. Bambo aliko, mayi aliko. Inunso mulikotu, mayi. Mwanenepa bwino."

Sanali kunena mwankhanza. Ankamwetulira ngati akundiuza uthenga wabwino. Sindinawayankhepo mwano chikwatiwire changa, ndipo tsiku limenelonso sindinatero. Ndinangonyamula mwana, ndinatola katoni ija n'kuipinda m'chikwama changa, ndinawatsanzika bwinobwino. Nsapato zake zakale ndinaziiwala pomwepo.

Podikira basi ndinamukhazika pamiyendo. Ndinali ndisanamuuzepo mwachindunji, ndinkangoti adadi ali kutali, poganiza kuti akadali wamng'ono. Tsiku limenelo ndinamuuza zonse, za nkhondo, za asilikali awiri aja, za manda amene ndimapitako ndekha. Ndinamuuza kuti mayi ake ndine ndekha, ndipo ndili pano. Anandimvetsera akuseweretsa batani la bulauzi yanga.

"Ndikudziwa, amama," anatero. "Kuno anamwalira."

Katoni ija ndinakaitentha pambaula. M'mawa mwake ndinapita kwa achemwali anga kukawapempha kuti azindisungira mwana masana. N'kutali, ndimakwera mabasi awiri, koma ndimapita. Nsapato ndimamugulira zapulasitiki, zam'sitolo. Pakhomo anasiya kukhala, ngakhale nthawi zina ndimamumva akuyesa kuimba mluzu.

Apongozi sindinawataye. Alibe wina wowasamala, ndipo sanandilakwirepo dala. Loweruka lililonse ndimapita ndekha kukawapatsa zovala zochapa. Akadali pantchito, anthu amawakondabe, zandale pabenchi zikadalipo. Amandifunsa kuti Phwiti abwera liti, ine ndimati sukulu yamuchulukira. Amangogwedeza mutu, sakakamiza.

Nsapato zofiira zija anazisoka ndithu, opanda katoni. Zili pashelefu, pambali pa tinsapato tating'ono tija. Iwo akatuluka kukatunga madzi a guluu, ine ndimakwera pampando n'kuzitembenuza. Loweruka lathali pansi pake panali poyerabe, posadyeka. Komabe ndinafika kwa achemwali thukuta lili thupi lonse, ndinamupeza Phwiti akujambula pansi ndi makala, ndinamugwira dzanja mpaka kunyumba osalisiya.