Mphunzitsi Amene Anakwezedwa ndi Liwu Limodzi

Pa nyumba zosanja za ku Kahawa, dera lina la kunja komwe amayankhula Chiswahili, pamakhala bambo wina wa ku Malawi, yemwe mpaka chaka chatha anali mphunzitsi wa osewera kumbuyo pa timu ya mpira ya koleji ina. Mukawafunsa za ntchito yawo, ankayamba okha kudziseka. "Anzanga amapita patsogolo, ine ndimayenda chobwerera," ankatero. "Ndinayamba ngati womwetsa zigoli, anandibweza pakati, kenako kumbuyo, mpaka ananditulutsa m'bwalo n'kundipatsa wezulo." Tsiku limene ntchito yawo yayenda bwino ndi limene pagolo sipanachitike kanthu, ndiye angawakumbukire ndani?

Chaka chatha timuyo inatsala pang'ono kutuluka mu ligi, ndipo bambowa anali m'madzi. Pa masewero omaliza ankangofunika kufanana mphamvu. Chakumapeto anaona mpata waukulu pakati pa anyamata awo, ndipo anakumbukira Chiswahili chawo cha m'mashopu, kuti "funga" ndi kutseka. Anakuwa ndi mphamvu zonse: "Funga! Funga!"

Sankadziwa kuti pa mpira liwulo limatanthauza kugoletsa. Anyamata onse a kumbuyo anasiya golo pambalambanda n'kuthamangira kutsogolo. Bambo aja anagwira kumutu, thukuta lili kamukamu. Koma wamtali pa onsewo anadumpha, n'kumenya mpira ndi mutu, mpirawo n'kulowa m'golo la timu inayo.

Akuluakulu a koleji anayamikira kulimba mtima kwa bambowa, moti lero ndi mphunzitsi wamkulu. Akazi awo akawauza kuti aphunzire Chiswahili bwinobwino, iwo amapukusa mutu: "Mayi, mukufuna andichotse ntchito?"