Sukulu ya pa Nsanja ya Mpunga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 3, wamtali kuposa onse m'kalasi koma wosatha kuwerenga. Anzanga ankanditchula kuti "amayi a kalasi". Amayi ankatilera okha, akulima mpunga pa kamunda kobwereka ku Chinguluwe. Mpunga ukayamba kukhwima, ntchito yanga inali kuingitsa mbalame. Ndinkakwera pa nsanja mame asanakamuke, n'kumakoka chingwe cha zitini ndi kukuwa mpaka kummero kuwawa. Kusukulu ndinkajomba mwezi wathunthu, ndipo chaka chimenecho ndinatsimikiza mumtima kuti sindibwererako.

Loweruka lina ndinaona mayi akubwera m'malire a minda, nsapato zili m'manja, matope mpaka m'akakolo. Anali a Nabanda, aphunzitsi athu. Ndinayembekezera kukalipiridwa.

Amayi anga, amene anali m'mundamo, ndiwo anayamba kulankhula. "Aphunzitsi, pepani, mwanayu sindingamutumize. Mbalame zikatha mpungawu, tidya mabuku anuwo?"

"Ayi mayi, sindinabwere kudzamutenga," anayankha akuseka. "Ndabwera kudzapempha malo pa nsanjapo."

Anakweradi, nsanja ikulira ngati ithyoka. Anandilanda chingwe n'kundipatsa buku la Chichewa lopanda chikuto.

"Iwe Esinati, kukhosi konseko ukumangotayira mpheta? Kuwa zomwe zalembedwa apazi. Mbalame sizisankha mawu."

Ndinayamba monong'ona, manyazi atandigwira.

"Kweza! Zikutera uko!"

Ndinakuwa: "Ba! Be! Bi!" Mbalame zinauluka zonse. Amayi, amene ankazula udzu chapafupi, anaseka mpaka kukhala pansi m'matope. Pamenepo panalibe mwana wondinyoza. Ndikalakwitsa, a Nabanda ankangogwedeza zitini n'kunena kuti, "Bwereza, sizinamve."

Ankabwera Loweruka lililonse mpaka tinamweta. Buku ankandisiyira, ndipo masiku enawo ndinkawerengera mbalame ndekha, kuyambira zilembo mpaka ziganizo. Mpunga unapulumuka, inenso ndinabwerera kusukulu n'kukhoza mayeso. Amayi anatumizira a Nabanda kalichero ka mpunga watsopano, wonunkhira, koma iwo anatapako manja awiri okha n'kubweza wotsalawo.

Sindinapite patali. Ndinalekezera Sitandade 6, amayi atadwala, kenako ndinakwatiwa kunyanja kuno. Ena anganene kuti aphunzitsi aja anadzivutitsa pachabe.

Chaka chatha amuna anga anadwala nthawi yaitali. Mankhwala awo ndinkawerenga ndekha, a m'mawa ndi a madzulo, osapita kukagogoda kwa aneba. Maso awo atafooka, ndinkawawerengera Masalimo, ndipo ankagona mtima uli pansi. Atamwalira, mmisiri analakwitsa dzina lawo pa mtanda. Ndinaona ndine, ndipo anakonza tisananyamuke kupita kumanda.

Tsopano ndikudziwa kuti mwana wa mmphawi akasowa m'kalasi, si kuti nzeru alibe. Amakhala ali pena pake, akugwira ntchito imene banja silingaisiye. Amangofunika munthu mmodzi woti afunse kumene ali, n'kumulondola komweko.